Mabedi asanu ndi limodzi: momwe ndinasankhira feteleza ndi manyowa a m'dimba langa

9 Malichi 2024: Thumba lomwe ndinagula msanga

Chaka chatha kabichi wa m'dimba langa anakana kumanga mitu, chikhalirecho ndinamuthira urea kawiri konse ndipo sindinaphonyepo tsiku lothirira. Masamba anali otuwa, a kumunsi ankaoneka a pepo, ndipo nditazula tsinde limodzi ndinapeza mizu yaifupi, yokhuthara, yosapitirira chala changa chapakati. Ndinangoti feteleza ndiye anachepa, choncho sabata yatha ndinakagula makilogalamu 10 a urea wina ndisanadzifunse n'komwe kuti dothilo likusowa chiyani. Lero m'mawa, nditaima pakati pa mabedi thumba lili paphewa, ndinazindikira kuti ndatsala pang'ono kubwereza zomwe zinandikanika kale. Thumbalo ndalibweza m'nyumba, ndipo ndatsimikiza mtima kuti chaka chino ndiyesa njira zingapo nthawi imodzi, n'kumalemba chilichonse chomwe chachitika.

Dimbalo lili ndi mabedi asanu ndi limodzi, lililonse mamita 1.2 m'lifupi ndi mamita 5 m'litali, zomwe ndi masikweya mita 6. M'mabedi onse ndidzawokera kabichi wa mtundu umodzi, mbande 20 pabedi, tsiku limodzi, kuti chosiyana chikhale chakudya cha m'dothi chokha. Mitengo ya zinthu sindilemba, chifukwa imasiyana malo ndi malo ndiponso mwezi ndi mwezi. M'malo mwake ndalama zonse zomwe ndapatulira ntchito yodyetsa dothi ndazigawa m'magawo 100, ndipo ndizingonena kuti chakutichakuti chadya magawo angati. Urea uja wadya kale magawo 25 khasu lisanakhudze pansi.

Madzulo ano ndathira dothi mpaka theka la botolo lagalasi, ndawonjezamo madzi ndi kadontho ka sopo, ndalikhutchumula kwa mphindi zitatu, ndipo ndaliimika pawindo kuti lidikhe, ndione kuchuluka kwa mchenga ndi dongo m'dothimo.

16 Malichi 2024: Kachipangizo konama

Botolo lija linatenga masiku awiri kuti madzi ayere. Pa masentimita 10 a dothi lomwe linakhazikika, 6.5 anali mchenga, 2 anali dothi losalala lomwe limatsatira mchenga, ndipo dongo linali 1.5 basi. Chomwe chinandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti tinyenyeswa ta zowola tomwe tinayandama pamwamba sitikanadzaza ngakhale chikhadabo. Dothi lotere silisunga madzi ndipo silisunga feteleza. Chomwe wathira lero, madzi a m'keni amatsika nacho mpaka kuya komwe mizu siifika.

Pofuna kudziwa kuchuluka kwa asidi, ndinagula kachipangizo ka mano awiri kobaya m'dothi, komwe kanadya magawo 7. Pabedi loyamba kanaloza 7, pabedi lachinayi kanaloza 7, m'mphepete mwa mpanda kanalozanso 7. Kufanana kumeneku kunandikayikitsa, moti ndinatapa dothi m'makapu awiri, ina ndinathiramo viniga, ina soda wosungunula, koma muvi wake sunasunthe n'komwe m'makapu onse awiri. Magawo 7 amenewo ndangowataya. Yemwe ali ndi kachipangizo kotere ayambe wakayesa chonchi asanakakhulupirire.

Ndatumiza tsono dothi ku labotale yoyeza nthaka. Ndinakumba m'malo 10 mokhotakhota dimba lonse, masentimita 20 kuya kwake, ndikupewa pakona pomwe ndinkatayapo phulusa. Ndinasakaniza zonse m'chidebe chapulasitiki, ndinaumitsa pamthunzi, n'kutengapo theka la kilogalamu. Kuyezetsako kwadya magawo 20, ndipo popereka ndalamazo mtima unandipweteka, poganiza kuti chomwe ndilandire ndi pepala limodzi lokha.

23 Malichi 2024: Mulu woyamba

Kaya labotale inena zotani, botolo landiuza kale kuti zowola zikusowa, choncho ndayamba kuunjika kompositi. Ndatsata njira yosanjikiza yomwe katswiri wa zaulimi Albert Howard anaikonza ku Indore, m'dziko la India, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Pansi ndinayala timitengo kuti mpweya uzilowa, kenako udzu wouma masentimita 20, masamba aawisi masentimita 10, ndowe za ng'ombe masentimita 5, dothi lowaza pang'ono ndi madzi, n'kumabwereza motero mpaka mulu unafika mamita 1.2 mbali zonse ndi m'mwamba momwe. Udzu wouma unandithera ndili pakatikati, ndipo ndinatsiriza ndi matumba atatu a utuchi omwe kalipentala wina anandipatsa ulere. Pakati pa mulu ndazika chitsulo chachitali choti ndizichizula m'mawa uliwonse n'kuchikhudza kuti ndidziwe ngati mulu watentha. Ndowe ndi zitosi za nkhuku sindinagule, koma kuzitutitsa kwadya magawo 12.

30 Malichi 2024: Pepala la ku labotale, ndi laimu

Zotsatira zafika. pH ya dothi langa, nambala yomwe imatsika asidi akamachuluka, ndi 5.2, zowola ndi magawo 1.1 pa 100 alionse, fosifolasi ndi wochepa, maginiziyamu ndi wocheperako, koma potaziyamu ndi wokwanira. Ndiwo zambiri zamasamba zimafuna pH ya pakati pa 6 ndi 7, ndipo ngakhale kusiyana kwa 5.2 ndi 6.2 kumaoneka kochepa papepala, dothi la 5.2 limakhala ndi asidi wochuluka kakhumi. Apa m'pomwe ndamvetsa mizu yaifupi ija. pH ikatsika kupitirira 5.5, aluminiyamu wa m'dothi amasungunuka n'kumapha nsonga za mizu, ndipo fosifolasi amamangika ndi aluminiyamu ndi ayironi moti mbewu imalephera kumutenga. Urea yemwe ndinkathira ankagwera pa mbewu zopanda mizu yomuyamwira, ndipo poti urea naye amawonjezera asidi pang'onopang'ono, ndinkangokulitsa vuto ndi manja anga.

Kogula laimu wochepetsera asidiyo ndinatsala pang'ono kutenga njereza yopakira makoma, yomwe ndi yaukali, imawotcha khungu ndipo imakweza pH mwadzidzidzi. Wofunika m'munda ndi mwala wa laimu wopera, ndipo ine ndasankha wa dolomite chifukwa uli ndi maginiziyamu yemwe pepala lati akuperewera. Thumba la makilogalamu 25 ladya magawo 10, sikelo yaing'ono ya m'khitchini yadya magawo 4.

Mabedi ndawagawa motere. Loyamba sililandira kanthu kalikonse. Lachiwiri lilandira feteleza wa m'thumba koma popanda laimu, monga momwe ndinkachitira kale. Lachitatu lilandira laimu ndi feteleza yemweyo, lachinayi laimu ndi kompositi, lachisanu laimu ndi zitosi za nkhuku zowola, pomwe lomaliza lilandira laimu, kompositi ndi theka la feteleza. Nzeru yosiya bedi limodzi lopanda kanthu si yanga ayi. Ku Rothamsted, malo ofufuzira zaulimi m'dziko la England, munda wa tirigu wotchedwa Broadbalk, womwe akatswiri a zaulimi John Bennet Lawes ndi Joseph Henry Gilbert anauyamba mu 1843, uli ndi kachigawo komwe sikathiridwa feteleza kapena manyowa mpaka lero, ndipo zigawo zina zonse amaziyerekeza ndi kameneko. Popanda bedi lotere, munthu amatamanda feteleza pa zomwe dothi likanachita lokha.

Laimu ndathira magalamu 250 pa sikweya mita, omwe ndi makilogalamu 1.5 pabedi, m'mabedi anayi. Bedi lomwe ndinayambira kuthira ndinaliwaza masana kuli kamphepo, ndipo fumbi loyera linandilowa m'maso, lina n'kukagwera m'mphepete mwa bedi lachiwiri lomwe silinayenera kulandira. Ndinachita kupala dothi la pamwamba pamenepo n'kulichotsa. Mabedi atatu otsalawo ndinadikira madzulo, ndipo laimuyo ndinayamba ndamusakaniza ndi dothi lonyowa m'wilibala. Ndagaula masentimita 20 kuti alowe, ndathirira, ndipo ndisiya kwa miyezi iwiri, popeza laimu sagwira ntchito tsiku limodzi.

6 Epulo 2024: Mulu wozizira, ndi phulusa lomwe linandiliza

Patha milungu iwiri, koma chitsulo chija chikutuluka chozizira tsiku ndi tsiku. Nditaphwasula mulu ndinapeza kuti kumunsi, komwe kunali udzu, kwafunda pang'ono, pomwe kumtunda utuchi uli chikhalire, woyera ngati wangochoka kumene pa macheka, ndipo madzi sanalowemo n'komwe. Tizilombo toola zinyalala timagwira bwino ntchito pakakhala magawo 25 mpaka 30 a kaboni pa gawo limodzi la nayitirojeni, koma utuchi uli ndi magawo mazanamazana a kaboni pa gawo limodzi, choncho umameza nayitirojeni yense wa m'ndowe n'kumafunabe wina. Ndikanaukwirira m'mabedi, ukanalanda mbande zanga chakudya chimodzimodzi.

Ndachotsa matumba awiri a utuchi n'kuwayala m'tinjira ta pakati pa mabedi, pomwe ungathandize kuletsa udzu osalanda mbewu kanthu. Wotsalawo ndausakaniza ndi ndowa zinayi za zitosi za nkhuku komanso mitolo isanu ya masamba aawisi a deliya, ndipo mulu ndauunjikanso ndikunyowetsa gawo lililonse mpaka ndikafinya m'dzanja pazituluka dontho limodzi kapena awiri. Ntchitoyi yanditengera tsiku lathunthu lomwe sindinaliwerengere.

Kulakwitsa kwachiwiri kunachitika pa zitosi zomwe ndinapatulira bedi lachisanu. Poganiza kuti ndikuwonjezera mphamvu, ndinathirapo ndowa ya phulusa la nkhuni n'kuvundula ndi foloko. Nthawi yomweyo panatuluka fungo lobaya m'mphuno lomwe linanditulutsa misozi, ndipo ndinachita kuthawira kumbali komwe mphepo inkachokera. Fungo limenelo ndi amoniya, kutanthauza kuti nayitirojeni yemwe ndinkamufuna m'dothi ankauluka ndikuona. Phulusa lili ndi potaziyamu ndi kasiyamu, lilibe nayitirojeni, ndipo limachita ngati laimu. Likakumana ndi zitosi, urea kapena feteleza aliyense wa amoniya, limamasula mpweya umenewu. Zitosi zomwe zinakhudzana ndi phulusa ndaziponya pa kompositi n'kukwirira ndi dothi, ndipo za bedi lachisanu ndaunjika zina, ndazinyowetsa n'kuzifunditsa ndi udzu. Pepala la ku labotale linanena kale kuti potaziyamu ndi wokwanira, ndiye phulusalo silinkafunika n'komwe.

20 Epulo 2024: Masamu a pathumba

Mulu unatentha patangopita masiku atatu. M'mawa wa tsiku lachinayi chitsulo sichinkagwirika kupitirira masekondi ochepa, ndipo nditafukula pamwamba panatuluka nthunzi. Kutentha kwa madigiri 55 mpaka 65 n'komwe kumapha njere za udzu ndi tizilombo toyambitsa matenda, koma m'mbali mwa mulu simufika pamenepo, n'chifukwa chake lero ndautembenuza, za kunja n'kuzilowetsa m'kati. Ndafesanso kabichi mu nazale.

Madzulo ndinakhala pansi ndi pensulo kuwerengera feteleza, ntchito yomwe ndikanayenera kuichita ndisanagule thumba lija. Manambala atatu a pathumba amanena kuchuluka kwa nayitirojeni, fosifolasi ndi potaziyamu pa magawo 100 alionse, motsatana choncho. Mu kilogalamu imodzi ya urea muli magalamu 460 a nayitirojeni, mu CAN muli pafupifupi 270, pomwe mu 15-15-15 muli 150. Poyerekeza mitengo tsono, chofunika si mtengo wa thumba ayi, koma mtengo wa kilogalamu ukagawidwa ndi nambala ya mchere womwe ukufunawo. Ndikawerengera choncho urea ndiye wotsika mtengo pa onse, ndipo pamenepa sindinalakwitse.

Pomwe ndinalakwitsa ndi pa kuchuluka kwake. Ndaika mlingo wa magalamu 12 a nayitirojeni pa sikweya mita kwa nyengo yonse ya kabichi, omwe ndi magalamu 72 pabedi. Kuti ndiwapeze mu urea yekha ndikufunika magalamu 157, ndipo mabedi onse asanu ndi limodzi sangamalize ngakhale kilogalamu imodzi. Ndiye kuti ndili ndi urea wa nyengo khumi m'nyumba, feteleza yemwe amayamwa chinyezi n'kugwirana ngati mwala thumba likatsegulidwa. Ndalimanga m'mapulasitiki awiri n'kuliika pathabwa.

Wokulitsa ndagula 15-15-15, makilogalamu awiri, magawo 9. Poona zotsatira za dothi langa, DAP, yemwe ndi 18-46-0, akanakhala woyenera kwambiri chifukwa potaziyamu sindikumusowa, koma ankangopezeka m'matumba aakulu ndipo sindinafune kubwereza nkhani ya urea. Wobereketsa ndagula CAN, makilogalamu awiri, magawo 8, ngakhale urea alipo kale, chifukwa CAN sawonjezera asidi kwambiri ndipo sauluka msanga akakhala pamwamba pa dothi. Ammonium sulphate ndamupewa dala; ali ndi magawo 21 a nayitirojeni ndi salufa wambiri, koma amawonjezera asidi kuposa urea, ndipo kumuthira pa dothi lomwe ndangolithira laimu kukanakhala kumanga ndi dzanja lina n'kumagumula ndi linzake. Bedi la feteleza wathunthu lidzalandira magalamu 180 a 15-15-15 powokera, omwe akupereka magalamu 27 a nayitirojeni, ndipo magalamu 45 otsalawo adzachokera mu magalamu 167 a CAN, ogawa kawiri. Zikutuluka magalamu anayi pa phando ulendo uliwonse, ndipo nditayeza pa sikelo ndapeza kuti kachitsekerero kapulasitiki ka botolo, kosadzaza kwenikweni, kamanyamula mlingo womwewo.

4 Meyi 2024: Ndawotcha nazale

Ndikulemba izi ndi manyazi, chifukwa ndinachita masamu onse aja n'kuwaiwala pakhomo. Mbande zinali ndi masamba awiriawiri ndipo zinkaoneka zofooka, choncho masiku atatu apitawo ndinatapa urea dzanja limodzi n'kuwaza pa nazale ya sikweya mita imodzi, mame asanaume, ndikuganiza kuti ndidzathirira madzulo. Timibulu tina tinakakamira pamasamba, tina tinagwera m'tsinde mwenimweni. Pofika mawa lake masamba anali ndi timadontho toyera ngati pepala lopsa, ndipo lero mbande zambiri zagona, tsinde lafota pomwe limakhudzana ndi dothi. Ndayeza dzanja lomwelo pa sikelo ndipo lakwana magalamu 45, omwe ali ndi nayitirojeni woposa magalamu 20, pafupifupi kawiri chakudya cha nyengo yonse cha kabichi wamkulu pa sikweya mita, ndipo ndinachipereka kwa mbande za milungu iwiri tsiku limodzi. Feteleza wochuluka chonchi amakoka madzi m'mizu monga umachitira mchere, moti mbewu imafa ndi ludzu dothi lili lonyowa.

Zatsala mbande 30 mwa pafupifupi 150, ndipo sizikwanira. Ndakonza nazale ina pamalo ena, ndasefa manyowa akale owoleratu pang'ono n'kusakaniza ndi dothi la pamwamba, ndipo ndifesanso mkuja. Ndataya milungu iwiri ndi paketi ya mbewu.

25 Meyi 2024: Manyowa alowa m'mabedi

Kompositi ndamutembenuza kanayi. Pa ulendo wachitatu ankanunkha ngati mazira owola chifukwa ndinapyoza muyeso pothirira ndipo mpweya unasowa m'kati. Ndinamuyala padzuwa theka la tsiku, ndinasakanizamo udzu wouma, ndipo fungo linatha patapita masiku awiri. Tsopano wazizira, wada, akufumbutuka m'manja ndipo akununkhira ngati dothi la pansi pa mitengo. Mulu wonse uja watsika mpaka mawilibala asanu ndi anayi. Kuti nditsimikize kuti wapsa, masiku khumi apitawo ndinadzala nyemba khumi m'chitini cha kompositi wosakaniza ndi dothi, ndi zina khumi m'chitini cha dothi lokha. M'chitini cha kompositi zamera zisanu ndi zinayi, masamba ake otambasuka bwino osapiringizika.

Bedi lachinayi ndi lachisanu ndi chimodzi alandira mawilibala atatuatatu, omwe akuyala pafupifupi masentimita atatu, ndipo ndawasakaniza ndi dothi la pamwamba. Bedi lachisanu lalandira makilogalamu 5 a zitosi. Zitosi zouma za nkhuku zimakhala ndi nayitirojeni pafupifupi magawo atatu pa 100, koma mbewu imangopezapo mwina theka m'nyengo yoyamba, n'chifukwa chake ndawirikiza mlingo womwe masamu anandipatsa. Zitosizi zakhala pamulu milungu isanu ndi iwiri, zinatentha n'kuzizira, ndipo sizikubayanso m'mphuno. Zaziwisi sindikanayerekeza kuthira pa ndiwo zamasamba. Malamulo a ulimi wosagwiritsa ntchito mankhwala ku United States amafuna kuti papite masiku 120 kuchokera pothira manyowa aawisi kufikira pokolola mbewu zomwe gawo lodyedwa limakhudzana ndi dothi, ndi masiku 90 pa zina zonse.

Mnzanga wolima maluwa anandibwereka timadzi toyezera asidi tosintha mtundu. Mabedi anayi a laimu akuonetsa mtundu wa pafupi ndi 6, awiri enawo akadali pafupi ndi 5.

8 Juni 2024: Kuwokera, ndi galu

Ndawokera madzulo, mizere iwiri pabedi, masentimita 50 pakati pa mapando. Feteleza wokulitsa ndamukwirira masentimita 7 kumbali kwa phando lililonse kuti asakhudze mizu, magalamu 9 pa phando m'bedi lachiwiri ndi lachitatu, ndi theka lake m'bedi lomaliza. Poti fosifolasi ndi wochepa ndipo bedi lachinayi sililandira feteleza wa m'thumba, ndinaligulira ufa wa mafupa wolembedwa 3-15-0, womwe wadya magawo 5 otsiriza, ndipo ndathira magalamu 18 m'phando lililonse.

Ndikuwonjezera izi patapita masiku awiri. Galu ananunkhiza mafupawo usiku, analowa pansi pa mpanda n'kufukula mapando anayi a bedi lachinayi, mbande n'kuzisiya mizu ili m'mwamba. Ndabwezeretsa ndi zotsala za mu nazale, ndatseka mpata wa pampanda, ndipo ndathirira kwambiri kuti fungo litsike. Ufa wa mafupa ndinayenera kuusakaniza ndi dothi la bedi lonse milungu iwiri ndisanawokere, osati kuuunjika m'mapando.

29 Juni 2024: Masamba ayamba kunena

Lero ndathira CAN koyamba, kachitsekerero pa phando m'bedi lachiwiri ndi lachitatu, theka lake m'bedi lomaliza. Ndimaboola ndi kamtengo masentimita 10 kuchokera patsinde, ndimathira, ndimakwirira, kenako ndimathirira nthawi yomweyo.

Kusiyana kwayamba kuoneka ngakhale munthu ataima pachipata. Bedi loyamba mbewu zake n'zopinimbira, masamba a kumunsi achita chikasu. Bedi lachiwiri ndilo landiphunzitsa zambiri, chifukwa lalandira feteleza wofanana ndendende ndi lachitatu, koma masamba ake ndi aang'ono ndipo kunsi kwake ndi kwa pepo, chizindikiro cha kusowa fosifolasi, chikhalirecho fosifolasiyo ndinamukwirira ndekha pambali pa mizu. Lachitatu, lomwe langosiyana ndi linzakelo pa makilogalamu 1.5 a laimu, masamba ake akukhudzana kale m'mizere. Lachisanu ndilo lobiriwira kuposa onse.

Bedi lachinayi landikhumudwitsa pang'ono, popeza ndilo ndinalikhetsera thukuta lambiri. Masamba akale akusanduka achikasu kuyambira kumunsi pomwe a kunsonga akadali obiriwira, ndipo umu ndi momwe kusowa nayitirojeni kumaonekera, chifukwa mbewu imamuchotsa m'masamba akale n'kumupititsa ku atsopano. Kukanakhala kusowa salufa kapena ayironi, chikasu chikanayambira kunsonga. Kompositi amamasula nayitirojeni wochepa kwambiri m'nyengo yoyamba, ndipo kukazizira chonchi tizilombo ta m'dothi timachita ulesi. Ndanyika masamba a deliya odulidula m'mgolo, theka masamba theka madzi, ndavindikira, ndipo ndizivundula masiku atatu alionse.

20 Julayi 2024: Madzi a deliya, nsabwe ndi makeni

Ndathira CAN komaliza. Madzi a deliya anapsa patapita milungu iwiri, akuda ndiponso onunkha moti mgolo ndinausunthira kutali ndi nyumba. Ndimasefa, ndimasungunula gawo limodzi m'magawo atatu a madzi, n'kuthira theka la lita patsinde lililonse la bedi lachinayi kamodzi pa sabata. Chikasu chasiya kukwera ndipo masamba atsopano akutuluka obiriwira, koma mbewuzo sizinafikebe pa zinzake. Madziwa ndi othandiza kudzutsa mbewu yomwe yafooka, koma m'malo mwa chakudya cha pansi sangalowe.

Nsabwe za m'masamba zachuluka pabedi lachisanu ndi lachitatu, momwe masamba ndi ofewa ndiponso onenepa ndi nayitirojeni, ndipo ndikumazipopera madzi a sopo m'mawa. Pabedi lachinayi n'zowerengeka.

Chomwe sindinachiyembekezere ndi nkhani ya madzi. Ndikapisa chala m'bedi lachiwiri kapena lachitatu tsiku lotsatira nditathirira, dothi limakhala louma mpaka mfundo yachiwiri ya chala, ndipo pamwamba limachita chikhakha choti madzi amayamba ayenderera asanalowe. M'mabedi awiri a kompositi chinyezi chimakhalapobe tsiku lachiwiri, moti ndikumawathirira modumphitsa tsiku. Pa sabata ndikupulumutsa makeni oposa khumi, ndipo phindu limeneli silinalembedwe pathumba lililonse.

14 Seputembala 2024: Sikelo

Ndakolola kwa masiku asanu ndi atatu, ndikuyeza mutu uliwonse nditachotsa masamba akunja. Bedi loyamba linamanga mitu 11 yokha, yolemera makilogalamu 6 yonse pamodzi. Lachiwiri linapereka mitu 17 ya makilogalamu 17, lachitatu mitu 20 ya makilogalamu 29, lachinayi mitu 19 ya makilogalamu 21, lachisanu mitu 20 ya makilogalamu 31, ndipo lomaliza mitu 20 ya makilogalamu 33. M'bedi lachisanu mitu itatu inang'ambika ndisanaidule.

Manambalawa ndi a dimba limodzi ndi nyengo imodzi, ndipo ali ndi zilema zake. Bedi loyamba lili pafupi ndi mpanda pomwe mizu ya mtengo imafika, lachinayi linafukulidwa ndi galu, ndipo lomaliza lili pafupi ndi mpopi, komwe keni imafika ikadali yodzaza. Pa chifukwa chimenechi sindinganene kuti 33 wapambana 31. Koma kusiyana kwa 17 ndi 29 n'kwakukulu moti mpopi kapena mpanda sizingakufotokoze, ndipo kwabwera ndi laimu wosakwana gawo limodzi mwa magawo 100 a ndalama zanga. Bedi lomaliza lafika pamwamba ndi theka la feteleza wa m'thumba, ndipo ndiyo njira yomwe nditsate, kupatula kuti zitosi za nkhuku ndiziziphatikiza mu kompositi kuti asamadzayambe ndi chikasu.

Ndikawerengera magawo 100 aja, 32 anapita pa urea ndi kachipangizo konama, zomwe sizinawonjezere tsamba ngakhale limodzi, ndipo urea anandiphera nazale. Pa feteleza yemwe ndinagula pambuyo pa masamu, ndagwiritsa ntchito magalamu 450 a 15-15-15 ndi pafupifupi 420 a CAN, moti wotsalayo akwanira nyengo zina zitatu.

21 Seputembala 2024: Kukonzekera nyengo yotsatira

Ndazula zitsa zonse ndi kuona mizu. Za m'bedi loyamba ndi lachiwiri n'zaifupi ngati za chaka chatha, pomwe za m'mabedi a laimu zatuluka ndi chibuma chachikulu cha timizu toyera. Pogaula bedi lomaliza ndawerenga nyongolotsi 14, lachinayi 11, lachitatu ziwiri, ndipo loyamba sindinapezemo ngakhale imodzi. Timadzi toyezera tija tikuonetsabe pafupi ndi 6 m'mabedi a laimu, choncho sindiwonjezeramo wina chaka chino, chifukwa laimu wopyola muyeso amamanga zinki, ayironi ndi manganizi, ndipo kumuchotsa m'dothi n'kovuta kuposa kumuthira.

Bedi lachiwiri lalandira makilogalamu 1.5 a laimu ndi mawilibala atatu a kompositi wotsala uja. M'mabedi a kabichi ndidzadzala nyemba popanda feteleza wa nayitirojeni, ndipo zikadzayamba maluwa ndidzazula imodzi n'kung'amba timatuza ta pamizu. Tikadzakhala tofiira m'kati, ndiye kuti mabakiteriya akugwira ntchito yotenga nayitirojeni mumpweya. Urea uja ndamugawa m'timapaketi ta theka la kilogalamu, timapaketi tiwiri ndasunga, totsalato ndikupatsa anzanga olima minda ikuluikulu. Bedi loyamba ndalidula pakati ndi chingwe: mamita 2.5 a kufupi ndi mpopi ndawathira laimu, ndipo mamita 2.5 enawo ndawasiya opanda kanthu, ndakhomapo chikhomo cholembedwa tsiku la lero. Mulu wachiwiri wa kompositi ndauyamba madzulo ano, ndipo udzu wouma ndinayamba ndaunjika wokwanira ndisanayale timitengo ta pansi.